Tisadikire mimba kuti tidziwe kuti mwana akuvutitsidwa kusukulu

Sekondale ndinaphunzira ndikukhala m'kanyumba ka lendi ndi anzanga atatu. Kwathu kunali kutali, ndipo aliyense wodziwa dzuwa la kuchigwa kuno ku Chikwawa ndi Nsanje m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti mwana sangapalase njinga mtunda ngati umenewo m'mawa ndi masana, tsiku ndi tsiku. Mmodzi mwa anzangawo ankatiposa tonse pa masamu. Tili Fomu 2, aphunzitsi ena anayamba kumutumatuma: lero akatule makope kunyumba kwawo, mawa akawatungire madzi kumjigo, mkuja akawasesere poti amayi akunyumba anapita kumudzi. Tonse tinkaona. Anyamata anayamba kumuitana kuti "amayi aang'ono", iye n'kumangogoneka mutu padesiki.

Usiku wina tikupemerera mbaula anatiuza kuti aphunzitsi aja anamugwira bere pamene ankaika makope patebulo, n'kumuopseza kuti akaulula aiwale zokhoza phunziro lawo. Ife tinamulangiza zimene ana a zaka 15 akanatha kulangizana: uziwazemba, ukawaona uzikhota. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganiza kuti umenewu ndi mlandu. Teremu yotsatira mnzathu sanabwerenso. Sanatenge mimba, sanathawe ndi mwamuna, anangotopa basi. Titafunsa kuofesi anatiyankha kuti anasiya yekha.

Nkhani ngati izi timaziyamba kumapeto. Mudzi umadzidzimuka yunifolomu ikayamba kuthina pamimba. Pamenepo m'pamene amalume amanyamuka, komiti imakhala pansi, ahedi amalemba kalata. Koma mimba imabwera njira itayendedwa kale miyezi yambiri: mawu olaula ponena za thupi la mwana, kumugwiragwira kochita ngati macheza, kumutuma kunyumba, kumupatsa sopo, kumuopseza. Atsikana ambiri, ngati mnzanga uja, amagwera panjira pomwepo mimba isanafike, ndipo palibe amawawerenga. Lamulo la dziko lino linaiona kale njira imeneyi ndipo linaitcha mlandu kuyambira pa phazi loyamba. Otsalira ndife.

Zimene lamulo limanena

Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, Gender Equality Act. Gawo 6 la lamuloli limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zokhudza kugonana, ndipo limafotokoza kuti kuvutitsako kutha kukhala kwa mawu, kwa zizindikiro zopanda mawu, kapena kwa kukhudza thupi. Zofunika n'ziwiri. Choyamba, wochitiridwayo sakuzifuna. Chachiwiri, munthu woganiza bwino akanadziwiratu kuti mnzakeyo akhumudwa, anyazitsidwa kapena achita mantha. Chachiwirichi n'cholemera, chifukwa chimatseka pakamwa pamene ambiri amathawirapo, poti "ndimangoseka naye". Khoti silifunsa ngati iwe unkaseka. Limafunsa ngati munthu wanzeru zake akanayembekezera kuti mwana wa Sitandade 7 asangalala pouzidwa pamaso pa kalasi yonse kuti wakula, wapsa, ayenera kuthyoledwa. Wopezeka wolakwa atha kulipitsidwa K1,000,000 ndi kukakhala kundende zaka 5. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa.

Zikapitirira pamenepo, nkhani imalowa m'malamulo a milandu ndi zilango a Penal Code. Kugwira mkazi kapena mtsikana malo osayenera ndi mlandu wa zaka zofika 14 kundende. Kugona ndi mwana ndi mlandu umene chilango chake chachikulu n'kukhala kundende moyo wonse. Kale gawo 138 linkateteza atsikana osakwana zaka 16. Mu 2017 Malamulo Aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2023 gawo lija linakonzedwa kuti ligwirizane nazo. Apa mawu oti "anavomera yekha" kapena "chinali chibwenzi" sawombola munthu wamkulu. Mwana alibe chilolezo chopereka. Ukwati nawonso suphimba mlanduwo, chifukwa lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati zoyambira kulowa m'banja.

Foni nayo ili ndi lamulo lake. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuvutitsa munthu kudzera pa foni kapena intaneti. Mauthenga olaula a pa WhatsApp usiku, zithunzi zamaliseche zotumizidwa kwa mwana wasukulu, kuopseza mtsikana kuti zithunzi zake ziikidwa pa Facebook akakana, zonsezi ndi zoti munthu atha kukayankhira kukhoti.

Ndiye malamulo alipo, ndipo si ofooka. Funso ndi loti n'chifukwa chiyani mtsikana wa ku Tengani kapena kwa Chapananga sawamva kutentha kwake.

Chigwa chili ndi zake

Nkhanzazi zili paliponse m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana ndi atsikana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18, ndipo kwa anyamata anali mmodzi mwa asanu ndi awiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti mwa akazi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Chikwawa ndi Nsanje si zachilendo pamenepa. Komabe pali zinthu za kuno zimene zimatsegulira fisi khola.

Choyamba ndi mtunda, ndi kanyumba ka lendi kamene mtundawo umabala. Masukulu a CDSS ambiri alibe malo ogona, ndiye makolo ofunitsitsa kuti mwana aphunzire amamupezera chipinda pafupi ndi sukulu kapena pamsika. Mwana wa zaka 14 amakhala yekha, chitseko chotsekera ndi msomali wopinda, ufa wochokera kumudzi ukutha pakati pa mwezi. Amuna onse a pamalopo amadziwa kuti m'nyumba muja mulibe wamkulu. Wakabaza amamunyamula ulere kawiri katatu, kenako n'kunena kuti ngongole yakwana. Wagolosale amamukongoza sopo ndi mafuta odzola. Pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, masiku amene anthu alandira kapena agulitsa thonje ndi mbuzi, ndalama zimayenda m'matumba mwa amuna pamene mwana wasukulu wagona ndi njala. Izi sizichitika m'kalasi, koma ndi nkhani ya sukulu, chifukwa n'sukulu imene inamuchotsa mwanayo pakhomo pa amayi ake.

Chachiwiri ndi madzi. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 pa Ana, ndi mu Malichi 2023 pa Freddy, Shire ndi Ruo anatulutsa anthu m'nyumba zawo, ndipo malo oyamba kuthawirako anali masukulu. Kalasi ikasanduka chogona cha mabanja ambirimbiri, mtsikana amasamba, kusintha zovala ndi kupita kuchimbudzi mumdima pakati pa anthu osawadziwa. Wolemba maina a olandira thandizo amakhala ndi mphamvu zimene dzulo analibe. Madzi akaphwa, njala imatsala. Banja limene lataya mbewu ndi ziweto, limene likudya nyika, silichedwa kuona mwamuna wobwera ndi thumba la chimanga ngati mpulumutsi, ngakhale likudziwa chimene akufuna.

Chachitatu n'chimene sitikonda kuchitchula: kusowa kwa aphunzitsi. Ambiri safuna kutumizidwa kumidzi ya kuchigwa chifukwa cha kutentha, misewu yoduka nthawi ya dzinja ndi nyumba zosakwanira. Aphunzitsi aakazi ndiye amachepa kwambiri mukangochoka pa tauni. Sukulu imene ili ndi mphunzitsi mmodzi yekha wa sayansi imachita naye mantha. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Makolo amayang'ana mwana mmodzi wolakwiridwa, n'kuyang'ana ana makumi asanu odikira mayeso a MSCE, kenako n'kusankha kukhala chete. Ndimawamvetsa mantha awo, koma kusankha kumeneku n'kolakwika, chifukwa munthu wotere sathera pa mwana mmodzi.

Ndiyenera kunena pano kuti aphunzitsi ambiri a kuchigwa ndi anthu olungama, ogwira ntchito m'malo ovuta, ndipo ena mwa iwo ndi amene amayamba kuulula zoipazi ngakhale anzawo awade. Chete amene timasunga amawadetsera mbiri iwo omwe.

Mmene mlandu umafera

Tsatirani dandaulo limodzi kuyambira pamene latuluka pakamwa pa mwana. Kawirikawiri amauza mnzake, ndiye limathera pomwepo. Likafika kwa amayi, amayi amayamba ndi kumufunsa chimene ankakafuna kunyumba kwa aphunzitsi. Likafika kwa ahedi, ahedi ali ndi zawo zoganizira: mbiri ya sukulu, mnzawo amene amamwa naye tiyi mu stafu, mwina amapemphera mpingo umodzi. Ndiye amaitanitsa makolo, wapampando wa komiti, nthawi zina ndi amfumu, kuti nkhani ikambidwe pachiweniweni. Mwana amakhala pamkeka kapena panja, osafunsidwa. Wolakwa amapepesa kwa akuluakulu, n'kupereka ndalama kapena mbuzi. Ngati pali mimba, ena amafika pogwirizana kuti angomutenga akhale mkazi wake, makamaka kumene malowolo amalowa m'nyumba ya bambo. Zikavuta ndithu, mphunzitsi amasamutsidwa. Amachoka kutsidya lino la Shire n'kupita kutsidya linalo, kumene palibe akumudziwa, ndipo kumeneko nakonso kuli makope ofunika kunyamula.

Pali zinthu zingapo pano zimene kholo lililonse liyenera kudziwa. Amfumu ali ndi ulemu wawo ndi milandu yawo, ya malire a minda, ya ziweto zodya mbewu, ya kukangana kwa pamudzi. Kugwirira mwana si mlandu wa pabwalo. Mbuzi ikaperekedwa mlandu wa boma sufafanizika, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limapereka udindo kwa achibale, osamalira ana ndi anthu a pamudzi kukanena kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu akaona kuti mwana akuchitidwa nkhanza.

Komanso njira zolangira mphunzitsi ndi ziwiri, ndipo zimayenda payokhapayokha. Ina ndi ya kuntchito: lipoti lichoke kwa ahedi, lipite kwa a PEA (mlangizi woyendera masukulu a pulayimale a m'dera) ndi kuofesi ya zamaphunziro ya boma ngati ndi pulayimale, kapena ku South West Education Division, komwe Chikwawa ndi Nsanje zili, ngati ndi sekondale. Mphunzitsi atha kuimitsidwa kaye pantchito pamene nkhani ikufufuzidwa, ndipo Teaching Service Commission, nthambi ya boma yoona za ntchito ya aphunzitsi, ndiyo imagamula za kumuchotsa. Inayo ndi ya kupolisi ndi kukhoti. Kuyamba njira imodzi sikutseka inzake. Lamulo la 2013 lija limanena poyera kuti wovutitsidwa sakakamizidwa kudikira kuti za kuofesi zithe asanapite kukhoti. Kusamutsa munthu si chilango pa njira iliyonse mwa ziwirizi. Ahedi akanena kuti "tathana nazo, tawasamutsa", kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti lipoti linalembedwa liti, linapita kwa yani.

Anyamata a m'kalasi

Tikamakamba za aphunzitsi tisaiwale kuti zambiri zimene mtsikana amakumana nazo tsiku lililonse zimachokera kwa anzake. Kumutsina pamzere wa phala, kumukhudza mabere pokanganirana pakhomo la kalasi, kuika kagalasi pansi pa desiki, kumuimbira nyimbo zolaula akadetsa diresi nthawi ya kumwezi, kumudikirira m'munda wa mapira poweruka chifukwa anakana chibwenzi. Akuluakulu amati ndi chibwana. Koma mtsikana amene wasekedwa kamodzi chifukwa cha magazi pa yunifolomu amayamba kujomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo wina amasiya kukweza mkono m'kalasi kuti asaoneke. Mnyamata naye amaphunzirapo kanthu: kuti thupi la mkazi ndi loseweretsa ndipo palibe chimachitika. Akamva aphunzitsi ake aamuna akuseka nawo, phunzirolo lakhazikika.

Apa sipofunika apolisi nthawi zonse. Pofunika mphunzitsi wamwamuna amene aimitse phunziro n'kunena kuti zimenezo m'kalasi mwake ayi, ndi malamulo a sukulu otchula zinthu ndi maina ake, osangoti "khalidwe loipa". Pofunika zimbudzi za atsikana zokhala ndi zitseko, zotalikirana ndi za anyamata, ndi kachipinda kosinthira kokhala ndi madzi. Ndipo anyamata auzidwe kuti iwonso akachitidwa zotere, ndi mwamuna kapena mkazi, khomo lodandaulira ndi lomwelo. Mmodzi mwa asanu ndi awiri uja si wochepa.

Za kavalidwe sinditayapo nthawi yambiri. Mnzanga uja anali mu yunifolomu yofika m'munsi mwa mawondo, yosokedwa motaya kuti aivale zaka zinayi. Ana a Sitandade 4 amagwiriridwa. Amene amayamba ndi funso la chovala amakhala atasankha kale woti amuimbe mlandu.

Akakwera mapiri a Thabwa

Kuchigwa kulibe yunivesite ya boma. Mtsikana amene wapirira zonsezi n'kusankhidwa amakwera mapiri kupita ku Blantyre, ku Zomba, ku Thyolo, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, nthawi zambiri ali woyamba m'banja mwawo kufika kumeneko. Kumudzi agulitsa mbuzi, mwina ng'ombe. Mudzi wonse ukumuyang'ana. Iye tsopano ndi wamkulu pamaso pa lamulo, ndiye anthu amaganiza kuti atha kudziteteza. Koma mphamvu imene akukumana nayo kumeneko ndi yoposa ya kusekondale.

Kusiyana kwake ndi uku. Mphunzitsi wa kusekondale atha kukuopseza, kukulepheretsa mayeso a teremu, kukuchititsa manyazi, koma mayeso a JCE ndi MSCE amakonza ndi kuchonga ndi a MANEB, ndipo wochonga sakudziwa nkhope. Ku yunivesite, amene amakuphunzitsa ndi yemweyo amakonza mayeso, kuchonga, ndi kulowetsa malikisi. Chaka chomaliza, amene akuyang'anira kafukufuku wako ndiye amanena ngati ntchito yako yakwana kapena ubwerezenso, ndipo mumakumana awiriwiri muofesi mwake. Munthu mmodzi atha kukulembetsa sapu (mayeso obwereza), kukubwerezetsa chaka, ngakhale kukufikitsa pochotsedwa sukulu. Safunikanso kuopseza mokweza. Amangoti "udzandipeze madzulo tidzaone za malikisi ako", ndipo wophunzira wamva zonse.

Njala imamutsatanso. Ngongole ya boma ya ophunzira ikachedwa, kapena dzina likapanda kutuluka, lendi ya ku Chikanda kapena ku Ndirande siidikira. Eni nyumba, amuna a magalimoto oima pageti, ophunzira anzake a zaka zapamwamba amene amadikirira atsopano, ogawa malo ogona, onsewa amadziwa amene wasowa pogwira. Nthawi yokaphunzira ntchito m'makampani, m'zipatala ndi m'masukulu, wosaina fomu yake amakhalanso ndi chingwe chomukokera. Izi zimagweranso akazi amene ali kale pantchito: mphunzitsi wamkazi wofuna kusamutsidwa kuti atsate banja lake, wophunzira zauphunzitsi amene ahedi akuyenera kumulembera lipoti, mayi wophika kapena wosesa amene ntchito yake ndi ya kontirakiti.

Pali bodza limene limayendayenda, loti atsikana ndi amene amadzipereka kuti akhoze. Ngakhale patapezeka wina wochita zotero, wogwira cholembera chofiira ndi mphunzitsi, ndipo ndiye analumbira kusunga mwambo wa ntchito. Mawu aja oti mbuzi imadya pomwe aimangirira ndi mawu a munthu amene wasandutsa ana a anzake msipu.

Mayunivesite ambiri tsopano ali ndi ndondomeko zolembedwa zothana ndi mchitidwewu, ndipo gawo 7 la lamulo la 2013 limafuna kuti malo antchito akhale ndi njira yodandaulira, chitetezo kwa wodandaula kuti asabwezeredwe, ndi munthu wolandira madandaulo mwachinsinsi amene si bwana wa wodandaulayo. Koma pepala palokha silichotsa mantha. Wophunzira amafuna kudziwa chinthu chimodzi: ndikanena lero, mayeso anga a mwezi wamawa achonga ndani? Ndondomeko imene siyankha funso limeneli sidzalandira madandaulo, ndipo akuluakulu adzaganiza kuti kusukulu kwawo kulibe vuto. Zoyankha funsoli n'zodziwika: mapepala a mayeso azikhala ndi nambala m'malo mwa dzina, wodandaula apatsidwe wochonga wina ndi woyang'anira wina tsiku lomwelo, komiti yomva nkhani ikhale ndi anthu a kunja kwa dipatimenti, pakhale masiku oikika oti nkhani ithe, ndipo wopezeka wolakwa asaloledwe kungotula pansi udindo mwakachetechete n'kukalembedwa pa koleji ina. Kufufuza kwabwino kumatetezanso mphunzitsi wonamiziridwa, chifukwa mphekesera sizimupatsa mpata woyankha pamene komiti imamupatsa.

Kuti anthu aakulu atha kufufuzidwa, tinaona mu 2021 pamene Malawi Human Rights Commission inatulutsa lipoti la madandaulo a akazi ogwira ntchito ku MBC. Wophunzira amene akuona kuti kusukulu kwake nkhani ikukwiriridwa atha kupita ku bungwe lomweli. Chimene angadzithandize nacho n'kusunga umboni: asafufute mauthenga, awajambule n'kutumiza kwa munthu womukhulupirira, alembe tsiku, nthawi, malo ndi mawu amene ananenedwa, asunge mapepala ake ochongedwa.

Tsiku limene mwana wanena

Zambiri zimagamulidwa ndi munthu wamkulu woyamba kumva. Mwana amabwera mozungulira. Amati sakufunanso kupita kusukulu, kapena mutu ukumupweteka Lachiwiri lililonse, kapena amafunsa ngati angasinthe sukulu. Akafika potchula, amayang'ana nkhope yanu. Mukakalipa, mukamufunsa chifukwa chake sananene kale, mukathamangira kukauza apabanja onse, watseka pakamwa ndipo mwina sadzatsegulanso. Mumvereni mpaka amalize, m'mawu ake, m'Chisena kapena m'Chimang'anja ngati ndimo akumasuka. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo wolakwa si iye. Musamulonjeze kuti simuuza aliyense, koma muuzeni amene mukamuuze ndi chifukwa chake.

Ngati wagwiriridwa, chipatala chisadikire zokambirana za akuluakulu. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso ali ndi masiku ochepa. Masiku atatu amenewa ndi omwe nthawi zambiri amathera podikira amalume kuti achoke kudimba, kapena podikira Lolemba kuti ahedi abwere. Kwa munthu wa ku Makhanga nthawi ya madzi, ulendo wokha utha kudya tsiku, ndiye kunyamuka kukhale kwa nthawi yomweyo, kuchipatala chimene chili pafupi. Zovala zimene anavala zisachapidwe, zisungidwe. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwira nkhani zoterezi. M'madera mulinso alangizi oteteza ana a ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Pa foni, nambala ya 116 ndi ya ana ndipo 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Zonse ndi zaulere, ndipo amaziyendetsa ndi a YONECO.

Ngati mimba yabwera, sukulu sinathe. Kuyambira 1993 boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Vuto ndi loti ambiri amabwerera pamalo pomwe powaseka, nthawi zina wowalakwira akadali pomwepo. Kholo litha kupempha kuti mwana akapitirize pa sukulu ina, koma pamene wolakwa ndi mphunzitsi, woyenera kuchoka ndi iyeyo.

Pa sukulu payokha pali zinthu zosafuna ndalama za mabungwe. Lamulo lomveka loti mwana asatumidwe kunyumba ya mphunzitsi pa chifukwa chilichonse, kaya madzi, kaya makope, kaya nkhuni, lilengezedwe pa asembule ndi pamsonkhano wa makolo, kuti mwana akamakana azitsamira lamulo osati mphamvu zake. Patitaimu azichitikira m'kalasi, chitseko chili chotsegula, ana ali gulu. Pakhale anthu osachepera awiri olandira madandaulo, mmodzi wa iwo asakhale wapansi pa ahedi, chifukwa tsiku lina wodandauliridwayo adzakhala ahedi amene. Bokosi la madandaulo lisakhomedwe pakhomo la stafu pamene aliyense akuona woponya, ndipo kiyi wake asasungidwe ndi munthu mmodzi. Dandaulo lililonse lilembedwe m'buku, ndi tsiku lake ndi chimene chinachitidwa, kuti a PEA akabwera azifunsa bukulo monga amafunsira masikimu, mapulani a zophunzitsa. Mayina a atsikana okhala m'nyumba za lendi adziwike, ndi nyumba zimene akukhalamo, kuti wina aziwayendera.

Amayi a mother group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza atsikana pa sukulu, ndi amene ndimawadalira kwambiri pa zonsezi, chifukwa amakhala m'mudzi momwemo, salandira malipiro kwa ahedi, ndipo mtsikana atha kuwapeza kumjigo popanda wina kudabwa. Ntchito yawo yodziwika ndi kubweza kusukulu ana amene asiya, ndi kusoka nsalu za kumwezi. Chimene ndingawapemphe n'choti asamadikire teremu kutha. Mtsikana akajomba sabata imodzi, amayi awiri apite kwawo. Akapereka moni kwa makolo n'kumva zimene makolowo anena, kaya ndi fizi, kaya ndi matenda, apemphe kuti ayende naye mwanayo pang'ono, afike naye pansi pa mtengo kutali ndi khonde, ndipo pamenepo amufunse yekha ngati kusukulu kapena panjira pali munthu amene akumuopa.